Nyenyezi Yang'ambika

— Halo?

— Halo, asisi? Mukundimva?

— Ndikumva. Ndani, amake Sojala? Nanga nambala yachilendoyi?

— Ndi ya bambo ake. Yanga ija Sojala anaichapira m'ndowa pamodzi ndi masokosi ake, akuti inada. Mwaswera bwanji?

— Kuno n'kum'mawa, mng'ono wanga, umaiwala nthawi zonse. Ndadzuka bwino, kaya iwe?

— Ife taswera. Mwadzukadi bwino?

— Bwinobwino. Alamu anga ali bwanji?

— Alipo, ali kugalaja.

— Nanga khanda?

— Likumera mano, likuluma aliyense wolinyamula.

— Latengera make. Amayi ali bwanji?

— Amayi... alipo. Atuluka pang'ono.

— Atuluka? Ndi mawondo awo aja?

— Tikamba zimenezo. Inuyo mwadya?

— Iwe, bandulo yodula chonchi ukuimalizira kundifunsa ngati ndadya? Lero ulibe ntchito?

— Ntchito? Ndadzuka kusanayere, madzi anabwera pampopi ngati misozi, ndadikira mpaka ndowa zonse zadzaza. Ndachapa matewera, ndakolopa, ndasita ovolosi ya bambo ake magetsi asanathime. Ndaperekeza Sojala kunazale, pobwera ndanyamula makala, khanda kumsana. Ndapita nalo kusikelo, mzere wake kufika kumsewu. Ndabwerako, ndapeza chingwe choyanikira chaduka, matewera onse ali m'dothi, ndachapanso. Pano ndaima pakhonde, mwendo umodzi ndikugwedezera khanda pampando. Ndiye musandifunse za ntchito. Ndati mwadya?

— Ndikuwiritsa madzi a tiyi.

— Tiyi yekha? Chakudya chikukana kulowa?

— Chikane chifukwa chiyani?

— Mawu anu asasa.

— Ndangodzuka kumene, ndakuuza.

— Nanga chikulira tii, tii, tii, kumbuyo kwanuko n'chiyani?

— Ndi firiji, sindinatseke bwino chitseko.

— Firiji.

— Eya, firiji. Wamva? Yasiya. Kodi watani lero?

— Asisi, ine si mwana ayi. Sukulu ndinalekeza panjira, koma ndabereka awiri ndipo adadi ndinawadwazika ndi manja angawa. Makina a kuchipatala ndimadziwa kulira kwake. Ndiuzeni zoona. Akuti yatsala miyezi ingati?

— Miyezi ya chiyani?

— Musandizunguze mutu! Sojala, tsika pawindo apo! Tsika! ... Pepani. Ndikunena mawu aja munatumiza pafoni yanga.

— Aa, unawamvera? Ndiye sunandiyankhe bwanji? Ndimadikira kuti usangalale nane.

— Ndisangalale?

— Eya! Zoterezi anthu amapuma pantchito asanazione.

— Mayi wanga ine. Asisi, mankhwala akupatsaniwo akukusokonezani. Ndikubwerezereni zimene munanena, chifukwa ndinaziloweza ngati vesi. Munati: "Mng'ono wanga, ekisire yatuluka. Nyenyezi yang'ambika. Chinthu chakuda chili m'katikati chikuidya pang'onopang'ono. Madokotala onse kuno asonkhana, akuti zoterezi sizioneka kawirikawiri. Yatsala ndi miyezi yochepa, kenako izima." Mawu akunjenjemera. Ndanama?

— Sunaname, koma... Dikira. Dikira kaye. Iwe ukuganiza kuti... Ayi! Ayi, ayi!

— Mukuseka?

— Pepa... ndikhale kaye pansi... Mayo, nthiti zanga!

— Sekani. Sekani ndithu. Ine ndakhala ndikulirira m'bafa kuti ana asandione.

— Pepa, mng'ono wanga, pepa. Sindikudwala. Ngakhale chimfine ndilibe. Ndimanena nyenyezi yeniyeni, ya kumwamba! Ya kuntchito!

— Nanga madokotalawo?

— Anzanga a muofesi. Madokotala a mabuku ngati ine, oti munthu atakomoka pamaso pawo angamuthire tiyi.

— Lumbirani.

— Pamanda a adadi. Halo? Ulipo?

— Ndilipo. Ndakhala pansi nanenso. Ndikanakhala pafupi ndikanakumenyani ndi tewera lonyowa, ukulu wanu womwewo.

— Koma nawenso, mvetsera bwino. Ndinati "yang'ambika". Munthu timati "wang'ambika". Ndinati "chikuidya", sindinati "chikundidya". Imeneyi ndi galamala ya ana a pulayimale.

— Oo, galamala. Chabwino, aphunzitsi. Adadi ankati chiyani mukatuluka kuchipinda m'mawa?

— Ankati...

— Nenani.

— "Nyenyezi yanga yadzuka."

— Mukakana kudya?

— "Nyenyezi yanyanyala lero, musaiyandikire."

— Nanga inuyo, likafika tsiku lanu lotsuka mbale, munkagona pampando n'kumati chiyani?

— "Nyenyezi ikumva mutu."

— "Nyenyezi ikumva mutu, siitha kugwira madzi ozizira." Mbale n'kutsuka ine. M'nyumba muno dzina lanu la pasatifiketi analitchulapo ndani? Moyo wanu wonse mwakhala "ya", lero mukufuna mukhale "wa"?

— Sindinaganizeko n'komwe. Kuno palibe amene amanditchula choncho. Papita zaka ndisanalimve dzinali pakamwa pa munthu.

— Kuno timalitchula tsiku lililonse.

— Unangomvera wekha, eti?

— Ndinali kubafa, foni ili patebulo. Sojala anadina. Agogo ake ali pomwepo, akusoka.

— Mayo! Amayi anamva?

— Anamuuza kuti adinenso. Ndikutuluka ndawapeza angogwira nsalu, phazi lili pachopondera koma makina ali zii. Ndakuyimbirani, foni yothima. Mawa lake, yothima. Kenako yanga yalowa m'ndowa.

— Ndinaithimitsa dala, timalemba pempho loti atibwereke makina oonera kumwamba mwachangu. Wapatse foni amayi, ndiwauze ndekha.

— Ndati atuluka. Muyambe mwandifotokozera ine. Koma osati za m'kalasi, ndikufuna zoti ndikathe kuwauza iwo. Chakudacho n'chiyani?

— Timati dzenje lakuda. Pakatikati pa mlalang'amba, gulu lalikulu lija la nyenyezi, pamakhala chinthu cholemera kuposa dzuwa lathuli kamamiliyoni. Chimakoka chilichonse chochiyandikira. Ngakhale kuwala kukalowamo sikutuluka, n'chifukwa chake sichioneka.

— Chosaoneka mumachidziwa bwanji kuti chilipo?

— Chikamadya. Chimatha kukhala phee zaka masauzande ambirimbiri, osadziwika. Chimaonekera nthawi ya chakudya basi.

— Ngati mng'ono wa bambo ake Sojala. Mwezi wonse zii, mbale zikangolira ali pakhomo, "Odi, alamu!"

— Ameneyo ndithu! Ndiye nyenyezi ina inasochera njira n'kudutsa pafupi kwambiri. Mbali yoyang'ana kudzenje ikukokedwa mwamphamvu kuposa mbali ya kumbuyo. Ukukumbuka amayi akamamasula majuzi athu akale kuti alukenso ena?

— Lija lofiira la mabatani a mbalame! Ndinalira tsiku lonse.

— Ankangogwira kansonga ka ulusi n'kukoka, juzi lonse n'kumatha tikuona.

— Ine nditatambasula manja ngati chidole, akundikulungira ulusi, mphuno ikuyabwa koma osaloledwa kukanda. Inu muli pakona ndi buku.

— Ndiye n'zimene zachitika. Nyenyezi yamasuka, yasanduka ulusi wautali. Theka lina laponyedwa kutali, lapulumuka. Theka lina likuzungulira dzenjelo ngati madzi akamatsika m'sinki, likukhulana lokhalokha mpaka kutentha koopsa. Kutenthako ndiye kukutulutsa ekisire.

— Dikirani. Ekisire si ija amakuimika pachitsulo chozizira, n'kumati "pumirani m'kati, musapume"?

— Kuwala kwake n'komweko. Kuchipatala amakutulutsa ndi makina kuti akuunike m'thupi. Kumwambaku chinthucho chikukutulutsa chokha, ife timangotchera. Koma sikufika pansi pano, mpweya umakutchinga. N'chifukwa chake makina athu ali pa setilaiti, akuzungulira dziko.

— Ndiye mumaona chiyani? Chithunzi cha nyenyezi ikuphupha?

— Ayi. Manambala, ndi kadontho. Malo amene panali mdima kwa zaka zonse, tsiku lina pawala. Kenako tsiku ndi tsiku kuwalako kukuchepa, chakudya chikamatha.

— Kadontho. Amayi asiya kudya chifukwa cha kadontho.

— Usatero, ndikumva kale chisoni.

— Adadi akanakhala moyo akanatseka shopu tsiku lonse, n'kumauza aliyense wodutsa.

— N'chifukwa chake mawu ankanjenjemera. Nditaona pakompyuta, ndinamva fungo la mtovu wowotcherera mawaya. Ukukumbuka akamakonza wailesi, akapotokola pakati pa masiteshoni, ili shiii?

— "Khalani chete, ana inu, nyenyezi zikucheza."

— Ndipo ukudziwa, sankanama kwenikweni. Kagawo kakang'ono ka phokoso lija kamachokeradi kumwamba.

— Musandiuze! Ine ndimayesa ankangofuna tisiye kulongolola.

— Mwina zonse ziwiri.

— Mwini wailesi ataima pakhomo akudikira, iwo ali kalikiliki kutimvetsera shiii. Amayi kuseri akuti, "Bambo inu, shiii ameneyo tidya?"

— Ndiye dzuwa likalowa, makwerero aja, kukwera padenga la shopu. Malata akadali ofunda kumsana.

— Munkandikweza patsogolo kuti ndikagwa ndigwere inu.

— Bodza! Kuti ukagwa ndikugwire.

— Paipi yawo yoonera nyenyezi ija, ya magalasi a agogo osweka, yomanga ndi mphira. Sinkaoneka kanthu, koma aliyense ankati "ndaona, ndaona" kuti asakhumudwe.

— Iwe ndiye unali ndi maso. Nyenyezi zitatu zondondozana zija unkazipeza ndisanagone n'komwe bwino. Masamunso unkandiposa, ndikukumbuka. Ndili kalasi ya patsogolo, homuweki yanga ukundikonzera ndiwe.

— Zakale izo. Masamu anga pano ndi a matewera.

— N'chifukwa chake ndinatumizira iwe, osati wina. Kuno anzanga anawomba m'manja, tinadya keke, koma palibe amene akudziwa za denga lija. Ndimafuna munthu woti ndikanena kuti ana a wokonza mawailesi aona nyenyezi ikudyedwa, amve chimene ndikutanthauza.

— Ndamva, asisi. Panopa ndamva, ndipo ndanyadira, musaone ngati ayi. Koma tsiku lina muzidzayamba ndi mawu akuti "ndili bwino", kenako nyenyezi.

— Ndamva, mayi. Makwerero aja alipo?

— Alipo, ndi amene ndayanikapo matewera chingwe chitaduka. Halo? Mukudukaduka.

— Ndikukumva. Amayi apita kuti? Wakhala ukuzemba.

— Dikirani ndisunthe, apa netiweki imathawa... Eya. Apita ku ofesi ya mapasipoti. Lero n'kachiwiri. Dzulo anakajambulitsa, anavala diresi lawo la buluu lija.

— Pasipoti? Amayi? Oti basi yokha imawazunguza mutu?

— Akuti mwana wawo sangafere m'manja mwa alendo. Akuti adzakusambitsani okha. Chikwama alongedza kale, chili pansi pa bedi, aikamo ndi thaulo lanu lakale.

— Ambuye. Thamanga ukawatenge! Kapena imbira aliyense amene ali nawo pafupi, ndiwauze kuti ndili bwino.

— Muwauze pafoni?

— Eya, amve mawu anga.

— Adadi ankati chiyani tikawafunsa, mpaka sabata yomaliza?

— ... "Ndili bwino, ndi kachifuwa chabe."

— Ndiye mukuganiza kuti amayi amawakhulupirirabe mawu amenewo? Ine ndemwe mwachita kundilumbirira pamanda. Iwo ndikawauza kuti inali nyenyezi ya kumwamba, angondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwagwirizana kundinamiza." Amafunsa kale kuti bwanji simuyatsa kamera, bwanji chiikireni maliro a adadi simunapondeko kuno. Mawu anu aja sanawadabwitse, asisi. Anangoti, "Ndimadziwa kuti pali chimene akubisa."

— Ndiyatsa kamera lero lomwe. Ndivina pamaso pawo.

— Adzati mwadzola mafuta. Iwo akufuna akutsineni patsaya, akuoneni mukumaliza mbale. Bwerani.

— Mng'ono wanga, panopa sindingathe. Kuwalaku kukuzilala tsiku lililonse. Ikangozima, basi, mwayi wotere mwina sindidzaupezanso moyo wanga wonse. Ikatha ndibwera, ndikulonjeza.

— Chaka chatha munati mukamaliza pepala. Chaka chinacho munati akakupatsani ntchito yokhazikika. Ndifunse, nyenyeziyo ili kutali bwanji?

— Kutali koti kuwala tikuonaku kunanyamuka kumeneko padziko pano pasanakhale munthu ngakhale mmodzi.

— Ndiye kuti inadyedwa kalekale?

— Kalekale. Ife tikungolandira uthenga wake panopa.

— Oo. Ndiye mukukhalira maliro a munthu woti anaikidwa kale.

— Ukhoza kutero. Koma uthengawo umadutsa kamodzi kokha. Ukapanda kuumvera, palibe wodzakubwerezera.

— Chabwino, pamenepo ndavomera. Makinawo amene mwabwereka, mumawagwirizira ndinu?

— Ndakuuza kuti ali kumwamba. Amawayendetsa anthu ena, kudziko linanso.

— Inu mumatani?

— Manambala akatsika, amabwera pakompyuta yanga, ine n'kumawasanthula.

— Kompyutayo ndi yaikulu ngati firiji yanu yolira ija?

— Ayi, ndi ya m'chikwama.

— Ya m'chikwama.

— Ndadziwa kumene ukupita. Koma netiweki ya kwanuko...

— Pawindo la kuchipinda kwa amayi imagwira bwino, bambo ake Sojala amaonerapo mpira wathunthu. Magetsi akathima, kugalaja kuli jenereta. Tebulo lilipo. Mwana ndimutsekera kunja. China?

— Pali misonkhano...

— Ya pakompyuta yomweyo, munandiuza nokha. China? Asisi? Yaduka?

— Siinaduke. Ukudziwa, kuno ndikatseka maso, shopu ija imakhala yotsegula. Adadi ali pampando wawo, magalasi pamphuno, mawailesi ali mpaka kudenga. Ndikabwera ndidzapeza chiyani?

— Mudzapeza wometa tsitsi. Wapaka khoma utoto wobiriwira, amaliza nyimbo tsiku lonse. Mpando wa adadi amakhalira makasitomala odikira.

— Waona? Ine zimenezo sindikufuna kuziona.

— Ine ndimadutsapo m'mawa uliwonse popita kunazale. Masiku oyamba ndinkazungulira njira ya kuseri. Kenako Sojala tsitsi linakula, ndinalowa, ndinakhala pampando womwewo. Sindinafe. Wometayo ndi munthu wabwino, amamupatsa switi. Mudzalira tsiku loyamba, lachiwiri mudzamupempha atsitse nyimbo kuti mugwire ntchito.

— Iwe mtima wako unaumba ndi simenti.

— Ndilibe nthawi, asisi, bandulo ikutha. Mverani. Amayi akalowa pakhomopa, ndikawauza kuti simukudwala, sakhulupirira. Ndikawauza kuti mukubwera, adya. Ndiwauze chiti?

— Ndiyenera kuyamba ndalankhula ndi abwana.

— Abwana anuwo alibe mayi?

— Ali nawo.

— Ndiye amva. Ndiwauze chiti?

— Uwauze kuti... uwauze kuti amasule chikwama. Mwezi uno usanathe ndili kumeneko.

— Ndi kompyuta yanu.

— Ndi kompyuta yanga.

— Mukagula tikiti mujambule, mutumize panambala ino. Chithunzi chokha. Mawu musatumizenso, chonde, mwatipweteka nawo.

— Ndamva. Koma tandiuza, zonsezi zakudyerani chiyani? Pasipoti, zithunzi, maulendo. Ndiuze ndibweze.

— Mukufuna mudziwe?

— Ndiuze.

— Chabwino. Amayi chimvereni mawu aja akungomwa madzi ndi tiyi, diresi la buluu lija achita kulimanga ndi pini kumsana. Bambo ake Sojala anajomba kuntchito dzulo kuwaperekeza, abwana awo awadula tsikulo. Ine bere limodzi lauma ndi maganizo, khanda likuyamwa mbali imodzi. Sojala anamenyedwa chifukwa chodina foni, pomwe sanalakwe. Ndiponso makina osokera apita.

— Makina ati? A amayi?

— Omwewo.

— Amene adadi anawagulira ine ndisanabadwe? Anatisokera mayunifolomu onse aja?

— Ndalama ya pasipoti ndi ya tikiti mumati aitenga kuti? Anaitana telala wa pakona ine ndili kumsika. Ndikubwera ndapeza pakona pa chipinda pali mabowo anayi m'simenti, pamene pankaima miyendo.

— Pita kwa telalayo panopa! Umuuze ndimupatsa kawiri mtengo wake!

— Ndinapita kale m'mawa, pochokera kusikelo. Anawagulitsa tsiku lomwelo kwa munthu wodutsa, anawakweza pa lole. Dzina sakulidziwa.

— Ndiwagulira ena. Atsopano, amagetsi.

— Sawafuna, mukuwadziwa. Adzawafunditsa nsalu n'kuikapo maluwa. Musavutike ndi makina, apita basi.

— Ndiye ndibweretse chiyani? Ndiuze, chilichonse.

— Dikirani... ndi awo akubwera pamsewu, akukoka mwendo, envelopu m'manja. Sojala, thamanga ukawalandire agogo! Osawauza kanthu, ndinena ndine!

— Wapatse foni! Ndiwamve chabe!

— Yatsala mphindi yosakwana, ingadukire pakati muwaonjezere mantha. Mverani, asisi. Mutole zovala zanu zonse zong'ambika. Mabatani othothoka, mipendero yomasuka, masokosi obowoka. Ngati mulibe, mung'ambe dala. Mudzawapatse mulu wonse, azisoka pamanja atakhala pambali panu, inu mukuwerenga kadontho kanuko. Mwamva? Singano ali nazo, inu mungobwera ndi... Halo? Asisi? Halo?

— ...

— Aa, yatha. Amayi, takulandirani. Khalani pansi kaye, ayi, pampando, osati pakhonde. Sojala, tenga mbale ya agogo.